Mutu 6: Misoko ya Amalume

1. Bokosi lakuda

Ramla anali atazolowera kale ntchito m'shedi yowotcherera zitsulo ya ku Balaka pamene makina a leza anafika. Anabwera m'bokosi lakuda la timatayala, ndipo kapitawo wa pamalopo, a Ganizani, sanalole munthu aliyense kulikhudza asanasambe m'manja.

Nthawi imeneyo kampani inali itapeza ntchito yaikulu. Inkapanga mlatho wachitsulo wa anthu oyenda pansi ndi apanjinga, woti ukaikidwe pa mtsinje wa Rivirivi, pamalo pamene ana asukulu ankavutika kuwoloka nthawi ya mvula. Mitanda ya mlathowo inkawotchereredwa m'shedimo nkumatumizidwa kumtsinje pang'onopang'ono.

Eni ntchitoyo analamula kuti msoko uliwonse, ndiye kuti mzere umene moto walumikiza zitsulo ziwiri, uziyamba waunikidwa ndi makinawo.

Makinawo ankaoneka ngati ayironi yositira, yokhala ndi chingwe chopita ku kompyuta. Ukawayendetsa pamwamba pa msoko ankatulutsa kamzere kowala, ndipo pagalasi la kompyuta pankaoneka msokowo utakula ngati mzere wa m'munda. Pamene pawotchereredwa bwino pankabiriwira. Pamene pali timabowo, kapena pamene moto wadya chitsulo m'mbali, pankafiira.

Akuluakulu a m'shedi anaseka dzina la makinawo. Wina anati kale Leza ankakhala kumwamba nkumaponya mphenzi, lero wabwera m'bokosi kudzaweruza anthu a ku Balaka.

A Ganizani anasankha Ramla kuti aphunzire kuwayendetsa, chifukwa anali atamaliza Folomu 4 ndipo kompyuta sankaiopa. Munthu amene anasangalala kuposa onse anali Che Mahmudu, amalume ake.

Che Mahmudu anali mchimwene wa amayi a Ramla. Bambo a Ramla atamwalira ku Chikweo, achibale ankafuna kumukwatitsa kwa wamalonda a nsomba wa ku Chiuta, koma amalumewo anakana. Anamutenga kupita naye ku Balaka, namugwiritsa chida chowotcherera ndi manja awo, anthu akuseka kuti mtsikana wachisilamu wavala ovolosi. M'shedi yonse panalibe amene anawotcherera zaka zambiri kuposa iwo.

2. Kufiira

Ramla anayamba ndi mitanda ya Pitala, mnyamata wa msinkhu wake amene ankawotcherera pafupi ndi khomo. Misoko yake inabiriwira kuyambira kumutu mpaka kumapeto.

Kenako anafika pa mitanda ya amalume ake. Atangoyendetsa makina, galasi linadzaza madontho ofiira.

Anaganiza kuti makina alowa fumbi. Anawapukuta ndi kansalu, napukutanso chitsulocho, nkuyesanso. Madontho aja anabwerera pamalo pomwepo. Anayesa msoko wina, ndi winanso. Ina inali bwino, koma yambiri inali yokhota, yopyapyala, ndi timabowo tosaoneka ndi maso.

Tsiku limenelo Ramla anayamba kuwayang'anitsitsa amalume ake. Anaona kuti foni ankaibweretsa pafupi ndi mphuno akafuna kuona amene akuimba. Anaona kuti potenga kapu ya tiyi ankayamba apapasa patebulo. Maso awo ankangotuluka misozi, ndipo iwo ankati ndi utsi.

Sunali utsi. Ali anyamata, Che Mahmudu anawotcherera mafelemu a zitseko ndi makasu m'mbali mwa msewu ku Liwonde, atangovala magalasi akuda a pamsika. Moto uja unawadya maso pang'onopang'ono, ndipo ukalamba unkangomaliza.

A Ganizani anali atanena kale pamaso pa onse kuti munthu amene misoko yake izifiira kawirikawiri adzachotsedwa pa moto. Ramla anatseka kompyuta osasunga chilichonse. Pa nthawi yopuma masana anapita kuseri kwa shedi nkuimbira amayi ake ku Chikweo.

3. Mawu a amayi

Amayi ake, a Ayisha, anamvetsera osamudula. Atamaliza kufotokoza, iwo anayankha ndi mawu otsika, ngati pali wina akumvera.

"Ramla, undimvetsetse. Munthu ameneyo si mnzako wa kuntchito iyayi. Ndi mwinimbumba wathu. Bambo ako atatisiya, ndani anaima pakhomo pano? Amalume ako akanakhala chete, bwenzi lero uli ku Chiuta ukuyanika matemba, mwana kumbuyo wina m'mimba. Iwo anakangana ndi mudzi wonse chifukwa cha iwe. Lero wakwera pamsana pa njovu, ukuti pansi palibe mame?

"Ntchito imeneyo ikawathera, apita kuti? Munda wa kuno ndi mchenga, chinangwa chomwe chikukana. Ana awo akadali pasukulu. Ndipo anthu sadzanena kuti anawachotsa ndi makina iyayi. Adzati anawachotsa ndi mwana wa mlongo wawo, amene anamudyetsa m'mbale yawo. Dzina limenelo lidzakutsata mpaka kumanda, ndipo ine sindidzayendanso mutu uli m'mwamba popita ku mzikiti.

"Zitsulo ndi zitsulo, mwanangu. Amalume ako awotcherera kuyambira iwe usanabadwe, chinagwapo nchiyani? Makina abwera dzulodzuloli asakuchititse kuiwala kumene unachokera. Maliseche a mkulu timafunditsa nsalu, sitiitanira anthu."

Ramla anayesa kunena za ana amene adzawoloke pa mlathowo, koma amayi ake anati mlatho uli ndi eni ake ophunzira, iye asamale za pakhomo pake. Kenako foni inaduka.

4. Zimene Ramla anachita

Makinawo ankasunga msoko uliwonse pansi pa nambala ya mtanda wake. Woyendetsa ndiye ankalemba nambalayo. Makina sankadziwa chitsulo chimene aikidwapo.

Masana omwewo Ramla analemba nambala ya mtanda wa amalume ake, koma makina anakawayendetsa pa msoko wa Pitala. Galasi linabiriwira. Anasunga.

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, ndipo mkuja wake zinali zitapepuka. Ankadikira kuti anthu atanganidwe ndi phokoso la gulayindala yosalazira zitsulo, kapena apite kukadya.

Pitala anazindikira kuti mitanda yake ikuunikidwa kawirikawiri. Anamufunsa ngati pali cholakwika ndi ntchito yake. Ramla anamuyankha mwaukali kuti makina amafuna kuyesedwa pa msoko wabwino, ndipo iye asamale za moto wake. Pitala sanafunsenso, koma anasiya kumupatsa moni wa nthabwala umene ankamupatsa m'mawa.

A Ganizani anali okondwa. Pamsonkhano wa Lolemba anaimiritsa Che Mahmudu pamaso pa onse nanena kuti achinyamata atengere chitsanzo, chifukwa ngakhale makina a kunja alephera kupeza cholakwa pa ntchito ya mkuluyo. Anthu anawomba m'manja. Che Mahmudu sanamwetulire. Anatembenuzira nkhope kumene kunali Ramla, naiyang'ana mbali imeneyo kwa nthawi yaitali.

5. Lachisanu masana

Lachisanu shedi inkatseka masana kuti Asilamu akaswali. Pobwera ku mzikiti, Che Mahmudu anafika msanga anthu ena asanabwerere. Anapeza Ramla akupukuta makina.

Anamuuza kuti chiyambire sanaonepo mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo akufuna awaonetse. Anamutsogolera okha ku mtanda umene anamaliza m'mawa womwewo, naika dzanja pa msoko.

Ramla anati batire latsala pang'ono. Iwo anati adikira. Ramla anati a Ganizani salola kuyatsa makina iwo palibe. Amalume anangoima dzanja lili pachitsulo, mpaka Ramla anayatsa.

Kamzere kowala kanayenda pa msoko. Galasi linafiira pafupifupi theka.

"Zikuti bwanji?" anafunsa Che Mahmudu.

"Zili bwino, amalume."

Mkuluyo anawerama mpaka ndevu zake zinatsala pang'ono kukhudza galasi. Anakhala choncho kanthawi, kenako anaweramuka.

"Zilembo sindiziona," anatero. "Koma chofiira ndimachionabe."

Ramla anayang'ana pansi. Amalume anamufunsa kuti zimenezi zinayamba liti, ndipo iye anaulula zonse: za madontho a tsiku loyamba, za foni ya amayi ake, za misoko ya Pitala. Anati anachita zimenezi chifukwa cha iwo.

Che Mahmudu anakhala pansi pa chigubu cha penti. Atayamba kulankhula sanakweze mawu.

"Chifukwa cha ine. Mwanangu, ine ndinadziwa kale kuti maso akupita. Ndinkangodzinamiza kuti manja akukumbukira njira. Makinawa atabwera ndinachita mantha, koma mumtima ndinati Alhamdulillah, tsopano pali diso lina kumbuyo kwanga. Ndikalakwitsa, mwana wanga aona, tikonza, palibe munthu avulale. Ndinkawotcherera mtima uli m'malo chifukwa ndinkadziwa kuti iwe ulipo. Osadziwa kuti diso ndinkalidaliralo watseka ndi dzanja lako.

"Amayi ako ndi mlongo wanga, ndimawadziwa. Amaopa njala ndi pakamwa pa anthu, ndipo sindiwadzudzula. Koma iwo sanagwirepo chida chowotcherera. Iwe unagwira. Ndinakuphunzitsa chiyani tsiku loyamba? Ndinati chitseko chikathyoka mwini wake amabwera kudzatukwana, nkupita. Mlatho ukathyoka sabwera munthu kudzatukwana iyayi. Kumabwera maliro.

"Wobisa matenda, maliro amamuulula. Iwe wabisa matenda anga, koma maliro ake sakhala anga. Akhala a mwana wa eni, wonyamula mabuku m'jumbo. Ndipo pa tsiku la Kiyama, lachiweruzo, sadzafunsa makina. Adzafunsa Mahmudu amene anawotcherera, ndi Ramla amene anati zili bwino. Umati ukundifunditsa nsalu. Wandifunditsa sanda ya maliro, ndili moyo.

"Ndinakutenga ku Chikweo kuti ukhale munthu woti akanena kuti ichi chalimba, anthu nkupondapo osaopa. Ulemu umene ndinkafuna kwa iwe ndi umenewo. Ukanabwera kunyumba nkundiuza kuti amalume, maso atha, ndikanalira, koma ndikanalira ndi mwana wanga. Lero ndikulira ndekha."

Ramla anagwada nawapempha kuti asanene. Anati akonza yekha misoko yonse, pang'onopang'ono, popanda wodziwa. Amalume anapukusa mutu. Anati bodza limodzi lakwana, sawonjezerapo lachiwiri.

Anaimirira, napapasa khoma, nalunjika ku ofesi.

6. Mu ofesi

A Ganizani anali atangofika. Che Mahmudu analankhula ataima. Ananena kuti maso awo atha, kuti misoko yawo ndi yoipa, ndi kuti kuyambira tsiku limenelo sagwiranso moto. Anayesa kunyamula mlandu wonse, nati mwanayo anachita mantha ndi iwo.

Kapitawoyo anaitana Ramla ndi Pitala. Anauza Pitala kuti ayendetse makina pa mitanda yonse ya mkuluyo imene inali pabwalo, Ramla akumuuza pogwira. Anayenda mtanda ndi mtanda dzuwa likuswa mtengo, antchito ena ataima patali nkumaonerera. Palibe amene anaseka. Kufiira kunali paliponse.

Atabwerera mu ofesi, a Ganizani anamenya tebulo. Anakumbutsa Ramla kuti anamusankha pakati pa amuna ambiri amene ankafuna ntchitoyo, ndipo ena anawachenjeza kuti mtsikana sangaikwanitse. Tsopano anthu amenewo anena kuti chiyani? Anamulanda makiyi a bokosi lakuda nawapatsa Pitala. Anamuuza kuti akhale kunyumba mpaka adzaitanidwe.

Kwa Che Mahmudu analankhula mofatsirako. Anati pa moto sangabwererenso, ndipo ntchito ina yoti awapatse palibe. Mkuluyo anatenga chipewa chowotcherera chimene chinali lende m'manja mwake nachiika patebulo. Anathokoza, natuluka.

Ramla anatsala. Anafunsa za mitanda imene inapita kale ku Rivirivi, chifukwa ina mwa iyo inali ya amalume ake.

A Ganizani anadzuka nkutseka chitseko.

"Imeneyo inamangidwa kale," anatero. "Yapakidwa penti. Kuimasula ndiye kuti eni ntchito adziwa, ndipo akadziwa shedi ino yatsekedwa. Anthu onse uwaona panjawa akagona ndi njala. Ya pabwalo pano ndi ya m'mbali mwa mlatho chabe, tikonza mwakachetechete. Yapita ija, makina anati ili bwino, ndipo anasunga ndiwe. Ukatsegula pakamwa, woyamba kumangidwa ndiwe. Wamva?"

Ramla anawayang'ana. Mawuwo sanali achilendo m'makutu mwake. Anali ofanana ndi amene iye mwini anawatsatira masiku onsewa, kungoti tsopano ankatuluka m'kamwa mwa munthu wovala tayi.

7. Pachipata

Panja anapeza amalume ake atakhala pamthunzi wa mpanda, kathumba ka zovala zantchito kali pamiyendo. Anafuna kuwanyamulira koma anakana. Anati njira ya kunyumba akuidziwa, ndipo ayenera kuyamba kuizolowera okha.

Ramla anawayang'ana akupita m'mbali mwa njanji, akuyenda pang'onopang'ono, phazi likuyamba lafufuza pansi lisanaponde.

Foni yake inalira. Nkhani inali itafika kale ku Chikweo. Amayi ake sanapereke moni.

"Ndinakuuza chiyani ine? Chinthu chaching'ono chomwechi walephera kusunga. Wawavula amalume ako pagulu. Usabwere kuno, ndilibe nkhope yokulandirira."

Ramla anali atamvera amayi, ndipo amalume anamukana. Amalume atanena zoona, amayi anamukananso. Anaika foni m'thumba la ovolosi.

Pitala anatuluka pachipata akupukuta manja. Sanamudzudzule. Anangomuuza kuti anamva zimene a Ganizani ananena, chifukwa khoma la ofesi ndi la malata. Anati mwambo wotsegulira mlatho akuti uchitika sabata yamawa, choncho nthawi ikadalipo yoti munthu aganize bwino. Iye makiyi ali nawo, koma kutulutsa bokosi pachipata kuti akaunike mlathowo payekha sangathe, ndipo sanalonjeze kanthu.

Ramla anayenda mpaka pamphambano pamene pamaima anthu a kabaza. Kumwera kunali kutayamba kuda, ndipo mphepo inkanunkha mvula. Anafunsa mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wa njinga ya mpando wofiira, ngati amakafika kumene akumanga mlatho watsopano pa Rivirivi.

Bamboyo anaseka nati kumeneko ndi kwawo.

Ramla anafunsa ngati pamalopo pali mlonda, kapena chotchinga choletsa anthu kufikira tsiku lotsegulira.

"Chotchinga chanji, chemwali? Madzi anayamba kukwera, anthu angadikire mabwana? Anachotsa okha minga imene inatchinga njira. Ine ndadutsapo m'mawa uno ndi matumba a chimanga." Anapukuta mpando ndi chikhatho. "Kwerani. Tikafulumira tikapeza ana a sukulu akuweruka, mukaone mmene amadumphira pamenepo."

Ramla anakwera.